Mmene mungafufuzire mbiri ya kavotedwe ka dera limodzi: chitsanzo cha Orange ku New South Wales

Munthu amene angoona mndandanda wa aphungu a dera la Orange, m'chigawo cha New South Wales ku Australia, akhoza kunena kuti palibe nkhani yoti n'kulemba. Kuyambira mu 1947 mpaka mu 2016, zomwe ndi zaka 69, derali lidali m'manja mwa chipani chimodzi, chomwe lero chimatchedwa National Party, ndipo aphungu ake m'nyengo yonseyo adali anayi okha. Koma mu Novembala 2016 chipanicho chidagonja ndi mavoti 50 basi, chitangopambana mosavuta chaka chimodzi ndi theka m'mbuyomo. Mndandanda wa mayina sungakuuzeni chimene chidachititsa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake wofufuza mbiri ya kavotedwe ayenera kudziwa zoyang'ana pansi pa mayinawo. Njira imene ndifotokoze pano mukhoza kuigwiritsa ntchito pa dera lililonse la kunja kwa mizinda ikuluikulu ya ku Australia, koma ndasankha Orange chifukwa misampha yonse imene imakola ofufuza imapezeka m'mbiri yake.

Choyamba, tsimikizani kuti mukudziwa nyumba ya malamulo imene mukuikamba. Dziko la Australia lili ndi nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Canberra, komanso chilichonse mwa zigawo zake zisanu ndi chimodzi chili ndi nyumba yakeyake, nduna zake ndi mtsogoleri wa boma amene amatchedwa Premier. Ya New South Wales ili ku Sydney, ndipo mbali yake yotchedwa Legislative Assembly ili ndi mipando 93, dera lililonse phungu mmodzi. Mzinda wa Orange, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 250 kumadzulo kwa Sydney, uli m'dera la Orange pa zisankho za chigawo, koma pa zisankho za dziko lonse uli m'dera lina lalikulu lotchedwa Calare. Madera awiriwa ali ndi malire osiyana, ovota osiyana chiwerengero, ndiponso malamulo ovotera osiyana, choncho musaike zotsatira zawo pamzere umodzi ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Dzinalonso lisakusocheretseni, pakuti ku Orange kumatchuka maapulo, matcheri, mphesa ndi mgodi wa golide wa Cadia, osati malalanje. Mzindawu udatchulidwa polemekeza kalonga wa ku Netherlands.

Mukatero tengani pepala lalikulu, kapena tsegulani tebulo pa kompyuta, ndipo chisankho chilichonse muchipatse mzere wake. Pamzerepo palembedwe tsiku la chisankho, mtundu wake, kaya chidali chachikulu kapena chapadera, chiwerengero cha olembetsa, cha amene adavota, mavoti owonongeka, mavoti oyamba a wopikisana aliyense, ndi zotsatira za kuwerengera komaliza. Kumapeto kwa mzere siyani danga lalikulu lolembamo zimene zidasintha chisankhocho chisanachitike, ndipo mudzaona kuti danga limeneli ndi limene lidzadzaze msanga kuposa ena onse. Manambala a zaka zaposachedwa amapezeka ku bungwe loyendetsa zisankho la NSW Electoral Commission, lomwe limasindikiza zotsatira za malo oponyera voti alionse. A zaka zakale, kuyambira mu 1856 mpaka mu 2007, adasonkhanitsidwa ndi katswiri wa zisankho Antony Green ndipo ali pa tsamba la intaneti la nyumba ya malamulo ya chigawochi.

Mzere woyamba wa Orange ndi wa chaka cha 1859. Mukamatsika nawo mndandandawo mudzapeza kuti pakati pa 1920 ndi 1927 dzina la Orange palibe. Sikuti zolembedwa zidatayika ayi. M'zaka zimenezo New South Wales idayesa njira yogawa mipando molingana ndi mavoti, madera adaphatikizidwa kukhala akuluakulu okhala ndi aphungu angapo, ndipo Orange idalowa m'dera la Bathurst pa zisankho za 1920, 1922 ndi 1925. Mu 1927 njira ya phungu mmodzi itabwerera, dera la Orange lidadzukanso. Mizere itatuyo musaidzaze ndi manambala a Bathurst. Ingolembanipo kuti derali kudalibe, chifukwa manambala a Bathurst akuphatikiza anthu a m'matauni ena amene kavotedwe kawo n'kosiyana.

Malire ndi pamene ofufuza ambiri amapunthwa. Lamulo la New South Wales limafuna kuti malire a madera aziunikidwa pakatha zisankho zikuluzikulu ziwiri, n'cholinga choti chiwerengero cha ovota m'dera lililonse chisasiyane ndi chapakati kuposa 10 peresenti. Popeza anthu akuchulukirachulukira ku Sydney ndi m'mbali mwa nyanja, madera akumtunda amakhala akukulitsidwa ndi kusunthidwa. Orange ya chisankho cha 2011 idali ndi tauni ya Mudgee ndi ya Wellington, koma malire atakonzedwanso mu 2013 matauni awiriwa adapita ku dera la Dubbo, ndipo Orange idalandira Parkes ndi Forbes. Ndiye mukayerekeza 2011 ndi 2015 osadziwa zimenezi, mudzakhala mukuyerekeza magulu awiri a anthu osiyana amene angofanana dzina. Akatswiri akakhala ndi malire atsopano amatenga zotsatira za malo oponyera voti a chisankho chapitacho n'kuziwonkhetsanso molingana ndi malire atsopanowo, ndipo nambala imeneyo ndiyo yoyenera kuyerekeza nayo. Amene adatsatira kukonzedwanso kwa madera ku Malawi, pamene mipando idachoka pa 193 kufika pa 229, akudziwa kale kuti dera likhoza kusunga dzina koma anthu ake atasintha.

Mayina a zipani nawonso amasintha pamene anthu ake ali omwewo. Sir Charles Cutler, amene adatenga mpando wa Orange mu 1947 n'kuukhalira mpaka mu 1975, adali wa Country Party, chipani cha alimi, ndipo adachitsogolera kuyambira mu 1959, nakhala wachiwiri kwa Premier kuyambira mu 1965. Amene adamulowa m'malo, Garry West, adalowa ngati wa Country Party, adadutsa m'zaka zimene chipanichi chinkatchedwa National Country Party, ndipo adatuluka mu 1996 ali wa National Party. Ndi chipani chimodzi chomwecho. Pambuyo pake padabwera Russell Turner kuyambira mu 1996 mpaka mu 2011, kenaka Andrew Gee mpaka mu 2016. Pa tebulo lanu lembani dzina limene chipani chinkagwiritsa ntchito pa tsiku la chisankho, koma ikani chizindikiro chosonyeza kuti ndi mzera umodzi. Kumbukiraninso kuti chipanichi chimagwira ntchito mumgwirizano ndi Liberal Party, ndipo kawirikawiri zipani ziwirizi sizipikisana m'dera limodzi, kotero kusapezeka kwa woimira Liberal ku Orange sikutanthauza kuti kulibe anthu okonda chipanicho.

Cutler asanafike, mpandowu udali wa chipani cha Labor kuyambira mu 1941, chaka chimene mtsogoleri wake William McKell adapambana chisankho atakopa madera ambiri a alimi. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa ikusonyeza kuti Orange sidabadwe ili kuchimake kwa Country Party. Chochititsa chidwi n'chakuti kuchokera mu 1947 derali lidakana Labor ngakhale m'zaka zimene chipanicho chinkalamulira chigawo chonse, mpaka mu 1965, kenaka kuyambira mu 1976 mpaka mu 1988 pamene mtsogoleri wake Neville Wran adapambana mwamphamvu mu 1978 ndi mu 1981, ndiponso kuyambira mu 1995 mpaka mu 2011. Choncho pambali pa nambala iliyonse ya dera lembaninso zotsatira za chigawo chonse m'chaka chimenecho. Chipani chikatsika ndi 5 peresenti m'dera pamene m'chigawo chonse chatsika ndi 10, ndiye kuti phungu wa m'deralo wachita bwino, ngakhale nambala yake ikuoneka yotsika.

Tsopano tifike pa nkhani imene imafuna kudekha kwambiri, ya mmene mavoti amawerengedwera. Ku Malawi, pa chisankho cha aphungu, wovota amachonga munthu mmodzi ndipo amene wapeza mavoti ambiri ndiye wapambana, ngakhale atapeza gawo laling'ono la mavoti onse. Ku New South Wales wovota amalemba nambala 1 pa dzina la amene akumufuna kwambiri, ndipo ngati afuna akhoza kupitiriza kulemba 2, 3 ndi kutsogolo pa mayina enawo. Powerengera, amayamba ndi mavoti a nambala 1. Ngati palibe amene wapitirira theka, wopikisana amene ali kumapeto amachotsedwa, ndipo mapepala ake amagawidwa kwa otsalawo motsatira nambala yotsatira imene wovota adalemba. Amachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka patatsala anthu awiri. Pa zisankho za dziko lonse wovota amakakamizidwa kulemba manambala pa mayina onse, koma ku New South Wales, kuyambira pa chisankho cha 1981, nambala 1 yokha ndi yokwanira. Pepala limene wofunidwa wake wachotsedwa, ndipo palibe nambala ina yolozera kwa otsalawo, limaikidwa pambali. Voti yotere amati yatha mphamvu, ndipo siwerengedwanso pa kuwerengera komaliza.

Chisankho chapadera cha pa 12 Novembala 2016 chikusonyeza bwino mmene zimenezi zimayendera. Andrew Gee adatula pansi udindo kuti akapikisane ku Calare, ndipo anthu asanu ndi atatu adaima. Pa mavoti oyamba Scott Barrett wa National adatsogola ndi pafupifupi 31.6 peresenti, Philip Donato wa chipani cha Shooters, Fishers and Farmers adapeza pafupifupi 23.8 peresenti, ndipo wa Labor adali wachitatu. Kukadakhala kuti amawerengera monga ku Malawi, Barrett akadalumbirira mpandowo popanda mkangano. Koma opikisana ang'onoang'ono atayamba kuchotsedwa mmodzimmodzi, mapepala awo ambiri adapita kwa Donato, makamaka a Labor, chifukwa chipanicho chidalangiza otsatira ake, kudzera m'timapepala timene amagawa pakhomo la malo ovotera, kuti amuike Donato patsogolo pa Barrett. Zotsatira zidatenga masiku oposa sabata kuti zitsimikizike, a National adapempha kuti mavoti awerengedwenso, ndipo pomaliza Donato adapeza 18,593 pamene Barrett adapeza 18,543. Mukawonkhetsa manambala awiriwa n'kuwachotsa pa mavoti onse ovomerezeka, mudzapeza kuti mapepala oposa 10,000 adatha mphamvu asanafike pa awiriwa. Nambala imeneyi muilembe pa tebulo lanu m'danga lakelake. Pa mpikisano umene udasiyana ndi mavoti 50, anthu amene adalemba nambala 1 yokha n'kutuluka ndiwo adali ndi mphamvu yaikulu, ngakhale kuti mwina eni akewo sadadziwe.

Kusintha kwa mavoti kuchoka pa chisankho china kufika pa china, kumene a ku Australia amakutcha swing, kumawerengedwa pochotsera peresenti yatsopano pa yakale. Mu 2015 Gee adapeza pafupifupi 65.6 peresenti ya mavoti oyamba, ndipo Barrett mu 2016 adapeza 31.6, kutanthauza kuti chipani chidatsika ndi 34. Apa muyenera kusamala ndi kalankhulidwe, popeza 34 ameneyu ndi kusiyana kwa maperesenti awiri, pamene mavoti enieni a chipanicho adatsika kuposa theka. Komanso musasakanize kusintha kwa mavoti oyamba ndi kwa kuwerengera komaliza. Mu 2015 awiri otsiriza adali National ndi Labor, ndipo National idapeza pafupifupi 71.7 peresenti, koma mu 2016 awiri otsiriza adali National ndi Shooters, Fishers and Farmers. Kuyerekeza manambala awiriwa n'kotheka, ndipo nyuzipepala zimachita, koma ine ndimaona kuti mavoti oyamba ndiwo amanena zoona pamene mdani wasintha, chifukwa munthu amene sakadavotera Labor ngakhale pang'ono akhoza kuvotera wopikisana wina wosunga mwambo popanda kumva kuti wasintha maganizo ake.

Manambala akakhala pamalo pake, pitani mukafune zifukwa, ndipo izi zimapezeka m'nyuzipepala za m'deralo kuposa za ku Sydney. Ya ku Orange ndi Central Western Daily, ndipo nyuzipepala zakale kwambiri zidasungidwa pa Trove, nkhokwe ya pa intaneti ya laibulale yaikulu ya dziko la Australia. Za 2016 zifukwa zazikulu zidali ziwiri. Boma la mgwirizano wa Liberal ndi National, lotsogoleredwa ndi Premier Mike Baird, lidalengeza mu Julayi chaka chimenecho kuti liletsa mpikisano wa agalu othamanga, pambuyo pa kafukufuku amene adaulula nkhanza kwa nyama, ndipo anthu ambiri akumidzi adaona ngati a mumzinda akuwalanda ntchito ndi chisangalalo popanda kuwafunsa. Baird adabweza chiletsocho mu Okutobala, kutatsala mwezi umodzi kuti chisankho chichitike, koma mkwiyo udali utafalikira kale. Chachiwiri chidali ganizo lophatikiza makhonsolo a Orange, Cabonne ndi Blayney kukhala imodzi, zomwe anthu a ku Cabonne adakana kwamtuwagalu. Pofuna kuyesa ngati chifukwa chimenechi chidalidi ndi mphamvu, onani zotsatira za malo oponyera voti a ku Molong, komwe kuli likulu la khonsolo ya Cabonne, muziyerekeze ndi za mumzinda wa Orange, za ku Parkes ndi za ku Forbes. Ku Molong a National adagwa koopsa. Umu ndi mmene chifukwa chonenedwa m'nyuzipepala chimayesedwera: ngati nkhani idakhudza malo ena kuposa ena, manambala a malowo ayenera kusonyeza. Chenjezo n'lakuti m'zaka zaposachedwa anthu ambiri amavota tsiku lisanafike pa malo apadera a m'tauni, choncho mavoti a munthu wa kumudzi akhoza kuwerengedwa pansi pa dzina la tauni imene adakagulako zinthu.

Zisankho zapadera muzizilemba ndi mtundu wina wa inki, chifukwa khalidwe lake n'losiyana ndi la zisankho zikuluzikulu. Boma silisintha ndi chisankho chapadera, choncho ovota amakhala omasuka kulanga chipani chawo, komanso phungu wodziwika amene anthu ankamuvotera chifukwa cha iye mwini amakhala atachoka. Ngakhale kuvota n'kokakamiza ku New South Wales, ndipo wolephera popanda chifukwa amalipitsidwa chindapusa, obwera ku chisankho chapadera amachepako. Ku Orange, West, Turner ndi Donato onse adalowa kudzera pa zisankho zapadera. Cha 1996 n'chofunika kuchiyang'anitsitsa, pakuti Turner adapambana koma kusiyana kwake ndi Labor kudachepa kwambiri, ndipo chaka chomwecho anthu a ku Calare adasankha Peter Andren, mtolankhani wa pa wailesi ya kanema amene adaima payekha, n'kumusunga mpaka mu 2007. Apa ndi pamene zotsatira za dziko lonse zimathandiza, osati ngati manambala oyerekeza, koma ngati umboni wa khalidwe la anthu. Ovota amene adakhala zaka 11 akuimiriridwa ndi phungu woima payekha ku Canberra adali atazolowera kale kuti n'zotheka kutaya National popanda kupita ku Labor. Wofufuza amene adaona zimenezi sakadadabwa kwambiri ndi 2016 monga adadabwira ena.

Musaime pa chisankho chodabwitsacho, chifukwa zimene zidatsatira ndizo zimakuuzani ngati kudali kupsa mtima kwa tsiku limodzi kapena kusintha kwenikweni. Patangopita masiku ochepa Troy Grant adatula pansi utsogoleri wa National ndi udindo wa wachiwiri kwa Premier, John Barilaro n'kulowa m'malo mwake. Baird adachoka mu Januwale 2017, ndipo boma la Gladys Berejiklian lidasiya ganizo lophatikiza makhonsolo akumidzi amene adali asanaphatikizidwe. Madandaulo onse awiri adali atayankhidwa, komabe pa chisankho chachikulu cha Malichi 2019 Donato, yemwe kale adali wapolisi wozenga milandu, adapambana ndi pafupifupi 65 peresenti pa kuwerengera komaliza. Chaka chomwecho chipani chake chidatenganso Barwon kudzera mwa Roy Butler ndi Murray kudzera mwa Helen Dalton, madera awiri akuluakulu akumadzulo. Izi zikutiphunzitsa kuyang'ananso madera oyandikana, pakuti chimene chachitika m'dera limodzi chikhoza kukhala nkhani ya munthu mmodzi, koma chikachitika m'madera atatu ndi nkhani ya chigawo. Ku Wagga Wagga nako, komwe Liberal idagwira mpando kuyambira mu 1957, Joe McGirr woima payekha adapambana chisankho chapadera cha mu Sepitembala 2018 atayamba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti oyamba.

Mzere wa 2023 uli ndi msampha wakewake. Aphungu atatu aja onse adatuluka m'chipani cha Shooters, Fishers and Farmers m'chaka cha 2022, Dalton koyambirira kwa chaka, Donato ndi Butler mu Disembala atasemphana ndi mtsogoleri wa chipanicho, ndipo onse adapambananso mu Malichi 2023 ngati oima paokha. Mukatsatira dzina la chipani pa tebulo, mudzalemba kuti Shooters, Fishers and Farmers idagwa koopsa ku Orange ndipo woima payekha adatulukira kuchokera pa ziro, chonsecho munthu amene anthu adamuvotera ndi yemweyo wa 2016 ndi 2019, ndipo mavoti ake adakwera. Pa mzere wotere werengerani kusinthako kawiri, kamodzi potsata chipani, kachiwiri potsata munthu, ndipo m'danga lalikulu lija lembani kuti nambala yachiwiriyo ndiyo ikulongosola zimene ovota adachita. Mukhoza kuwonjezerapo kuti Andrew Gee mwiniyo adatuluka mu National mu Disembala 2022 ndipo adasunga mpando wa Calare mu 2025 ataima payekha. Pansi pa mzere wa 2023 siyani mzere wopanda kanthu wa chisankho cha Malichi 2027, ndipo musanalembemo nambala iliyonse yambani mwafufuza ngati malire akadali a 2021, ngati Donato akuimanso, komanso ngati zipani za mgwirizano, National ndi Liberal, zatumiza woimira mmodzi kapena awiri.